Mutu 9: Tsiku Lojambula Mawu a Bambo

1. Kabokosi Kakuda

Loweruka limenelo Makutu anatuluka m'nyumba mayi ake akulongedza chikwama cha bambo. Pa mpando panali thawulo, sopo, masilipasi ndi kapu yapulasitiki. Bambo ankayenera kukagonekedwa m'chipatala madzulo a tsiku lomwelo.

Makutu anali mtsikana wa fomu 3. Dzinalo anamupatsa ndi azakhali ake, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankazindikira msanga gitala ikaphonya, akuluakulu onse asanamve kanthu.

Bambo ake anali telala. Mkati mwa sabata ankapalasa makina pa khonde la sitolo, koma Loweruka ankavala jekete loyera n'kukaimba m'maukwati ndi bandi ya anzawo. Akayamba kuimba, ngakhale otsuka mbale kuseri ankabwera ndi thovu m'manja kudzasuzumira pazenera.

Chaka chimenecho mawu awo anayamba kusasa. Poyamba ankati ndi chimfine. Kenako dokotala anapeza chotupa pakhosi, ndipo anawauza mosabisa kuti chikachotsedwa, n'kutheka kuti sadzalankhulanso.

Bambo sanalire. Atafika kunyumba ananyamula mwana wawo wakhanda, mchimwene wake wa Makutu, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe.

"Uyu adzakula akuganiza kuti bambo ake anabadwa osalankhula," anatero. "Ndimusiyire nyimbo imodzi."

Azakhali anali ndi situdiyo yaing'ono, ndipo Makutu ankaphunzira ntchito kumeneko akaweruka kusukulu. Anagwirizana kuti wojambula nyimboyo akhala iyeyo. Koma chinthu chimodzi chinkamuvutitsa. Maiki ya azakhali inali yotchipa, ya mtundu umene oimba amaugwira m'manja pa siteji. Iye ankafuna kuti mawu omaliza a bambo ake alowe mu maiki yapamwamba.

N'chifukwa chake m'mawa umenewo sanalunjike ku situdiyo. Anayamba wadzera pa siteji ya basi, pamene mnzake wa m'kalasi ankamudikira. Mnzakeyo ankatchedwa Dona chifukwa ankabwera kusukulu pa galimoto. Bambo ake anali ndi situdiyo yaikulu m'nyumba yosanja pakati pa tauni.

"Wachedwa bwanji iwe? Ndinatsala pang'ono kubwerera," anatero Dona. Anatulutsa kabokosi kakuda ka maiki kamene anakakulunga m'juzi. "Adadi apita kutali, abwera mawa. Pofika madzulo ukhale utabweza. Usaigwetse, usaitsokomolere, usaiyang'anenso kwambiri."

"Koma akudziwa kuti watenga?"

"Akanadziwa bwenzi nditabisa m'juzi? Ukuifuna kapena ayi?"

Makutu anayang'ana kabokosiko. Basi inadutsa, ina n'kuima. Anatambasula manja n'kulandira.

2. Chenjezo la Azakhali

Situdiyo ya azakhali inali kuseri kwa malo ometera tsitsi. Mbali inayo kunali bambo wowotcherera zitsulo amene ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Chipindacho chinali chopapatiza. Makoma anawaphimba ndi mabulangete akale, ndipo pazenera anatsekapo ndi matiresi. Panali tebulo, kompyuta yong'aluka pangodya, masipika awiri ndi mipando yosafanana.

Pakati pa chipinda panali ndodo yachitsulo, ndipo pamwamba pake panali maiki ija. Mutu wake unali wopindika chifukwa inagwapo kangapo m'maukwati. Kutsogolo kwake kunali waya wopindidwa mozungulira, atamukutira ndi sokosi yopyapyala, kuti mpweya wa woimba usamenye maiki.

Azakhali anali akulu kwa bambo. Anagwira ntchito yolumikiza zokuzira mawu m'misonkhano kwa zaka zambiri asanatsegule malowa. Makutu anawapeza akukolopa pansi.

Ataona kabokosiko anaimika chokolopera pakhoma. Makutu anatsegula. M'katimo munagona maiki yonenepa, yonyezimira ngati sipuni yatsopano.

"Ya ndani?" anafunsa azakhali.

"Ya bambo ake a mnzanga."

"Eni ake akudziwa?"

"Akudziwa, azakhali. Andibwereka."

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakoka mpando.

"Khala pansi, mwana wa mchimwene wanga. Ndikuuze zinthu ziwiri, ndipo umve bwino poti makutu uli nawo.

"Choyamba, maiki imeneyi ndi yabwino. Sindikutsutsa. Koma anaipangira chipinda chimene ngakhale ntchentche imalowa itavula nsapato. Imamva chilichonse. Imva wowotcherera uja, imva wailesi ya wometa, imvanso m'mimba mwako ngati sunadye. Yathuyi ndi yogontha pang'ono, ndipo kugonthako n'kumene kumatisunga kuno. Imangomva munthu amene waiyandikira ndi pakamwa. Zakutali ilibe nazo ntchito. Ndajambula nayo makwaya, ndajambula nayo anyamata ofuula ngati akuthamangitsa wakuba, ndipo palibe anabwerera kwawo akulira.

"Chachiwiri, bambo ako lero si munthu woyeserapo zinthu. Mawu amene awatsalira ndi ochepa. Akaimba kamodzi, kachiwiri, mwina kachitatu, basi atha. Palibe zoti tibwereza mawa. Mawa adzakhala atavala malaya a chipatala. Munthu wathanzi ukhoza kumuuza kuti bwerezani mpaka dzuwa kulowa. Wodwala umamupatsa chinthu chimene ukuchidziwa bwino, chimene manja ako anazolowera, kuti akatsegula pakamwa iwe usakhalenso ukufunafuna batani.

"Ndinati ziwiri, koma ndiwonjezera. Wati anakubwereka, ndipo ine ndakhulupirira chifukwa sunandinamizepo. Koma ngati pali pena pamene pakhota, konza panopa chitseko chisanatsekedwe. Ntchito yathuyi ndi ya kukhulupirirana. Anthu amatisiyira magitala awo, nyimbo zawo zosatuluka, nthawi zina ndi misozi yawo. Akangomva kamodzi kuti m'chipinda muno munalowa chinthu mwa njira yokhota, sabweranso. Ndipo sadzati ndi mwana uja. Adzati ndi kwa mayi aja."

Makutu anayang'ana pansi. Zala zake zinkasisita m'mphepete mwa kabokosi.

"Ine lero pa kompyuta sindikhalapo," anapitiriza azakhali. "Ndi mchimwene wanga ameneyu. Ndinamubereka kumsana. Ndikhoza kulira n'kudina polakwika. Mpando ndi wako, ndipo maiki usankha wekha."

Ananyamula ndowa n'kutuluka kukataya madzi.

Atabwerera anapeza maiki yakale ili pa tebulo. Pa ndodo paja panali ponyezimira. Anangotambasula dzanja, ndipo Makutu anawapatsa foni yake atazimitsa. Limenelo linali lamulo la m'chipindamo.

3. Nyimbo Yoyamba

Bambo anafika atavala jekete loyera lija. Linali litawakulira m'mapewa. Anabwera ndi gitala kumsana ndi botolo la madzi ofunda m'thumba.

"Mwavalira ndani jekete, achimwene? Muno mulibe mkwatibwi," anatero azakhali.

"Mawu amatuluka bwino munthu akatchena, achemwali," anayankha bambo. Anaseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa.

Ataona maiki yatsopano anaimika nsidze. "Ha! Mwalemera liti?"

"Ndabwereka ine, bambo. Ndimafuna mumveke bwino."

Bambo anamugwira paphewa. "Mwana wanga ameneyu," anatero, akuyang'ana azakhali monyadira.

Anayamba ndi gitala yokha. Imeneyo inalowa mu kompyuta kudzera pa chingwe, ndipo sinavute. Kenako bambo anavala mahedifoni, anamwa madzi pang'ono, n'kuima kutsogolo kwa maiki. Makutu anadina batani lofiira.

"Ukadzayenda, mwanangu, yenda pang'onopang'ono,
ine ndili pambuyo, ndikusoka malaya ako.
Ukadzagwa usachite manyazi,
fumbi timasasa, bondo limapola."

M'chipindamo zinali zokoma. Mawu anali osasa, koma anali a bambo omwe aja a m'maukwati. Azakhali anatembenukira kukhoma n'kugwira pakamwa.

Koma m'mahedifoni a Makutu munali zina. Bambo akamakoka mpweya, pakhosi pawo pankalira kamluzu, ndipo maikiyo inkakakuza ngati ketulo yowira. Ankamvanso kulira kwa nsapato zawo ndi wailesi ya wometa. Vesi yachiwiri ili pakati, wowotcherera anayatsa makina ake odulira chitsulo. Phokoso lake linadutsa m'nyimbo ngati mpeni.

Makutu anafuna kukweza dzanja kuti awaimitse. Sanatero. Anaopa kuvomera pamaso pa azakhali.

Bambo anafika pa vesi yomaliza, imene inkakwera m'mwamba. Anatseka maso n'kutulutsa mphamvu zawo zonse.

"Ukadzandiitana ine osayankha,
usadzati ndakwiya.
Ndakumva, mwanangu, ndakumva."

Anafikapo bwinobwino. Koma pa kompyuta mizere yonse inafiira. Makutu anali atakweza mphamvu monga ankachitira ndi maiki yakale, ndipo yatsopanoyi sinkafuna zimenezo. Mawu anasweka n'kumveka ngati lata likung'ambika.

Bambo anatsegula maso akumwetulira. Thukuta linali kamukamu pamphumi. "Yalowa?"

"Yalowa, bambo. Koma tingobwereza kamodzi kuti tikhale nazo ziwiri."

Azakhali anamuyang'ana. Makutu anathawitsa maso.

Anatsitsa mphamvu ndi kuwasunthira bambo kumbuyo pang'ono. Ulendo uno mawu sanasweke, koma anamveka ngati a munthu amene ali m'bafa. Kunja galimoto inaliza hutala. Wometa anaseka ndi kasitomala wake. Zonsezo zinalowa. Pofika pa vesi yomaliza bambo anakwera, mawu n'kuduka pakati. Anatsokomola mpaka kugwira ndodo ya maiki.

4. Ndi Ine Ameneyu?

Azakhali anawakhazika pa mpando n'kuwapatsa madzi. Atapuma, bambo analoza masipika.

"Tandiikira yoyamba ija ndiimve."

"Bambo, ndiyambe ndaikonza kaye."

"Ndimve momwe ilili."

Makutu anadina. Chipinda chinadzaza ndi gitala, kenako mawu, kenako kamluzu kaja. Kankabwera pa mzere uliwonse. Kenako kunabwera kulira kwa chitsulo, ndipo pamapeto pake lata long'ambika.

Nyimbo inatha.

"Ndi ine ameneyu?" anafunsa bambo motsitsa. "Ndiye mwana adzamva zimenezi? Adzamva bambo ake akubanika?"

Anavula mahedifoni amene anali m'khosi n'kuwaika pa tebulo mosamala. Anayamba kumanga mabatani a jekete.

"Ndachedwa nazo, achemwali. Ndikanabwera chaka chatha. Zifufuteni. Kuli bwino asamve kanthu kusiyana n'kumva izi."

Anawerama kuti anyamule gitala.

Makutu anaimirira mofulumira moti mpando unagwa. "Bambo, si mawu anu. Ndi ine. Azakhali anandiuza kuti maiki iyi si ya chipinda chino, ine sindinamve. Ndinamva kuti yalakwika kuyambira vesi yoyamba, koma ndinakusiyani muimbe mpaka kumapeto. Munaimba bwino. Ndawononga ndine."

Misozi inali ikutsika, koma manja ake anali kale pa ndodo. Anamasula maiki yonyezimira ija, anaibweza m'kabokosi n'kutseka. Anatenga yopindika mutu n'kuimangirira.

"Ndipatseni mpata umodzi wokha. Chonde."

Bambo anayang'ana achemwali awo.

"Khalani pansi, achimwene," anatero azakhali. "Kunyumba mukuthamangira chiyani? Alamu akadalongedza."

Kenako anatembenukira kwa Makutu.

"Misozi pukuta, imalowa m'mabatani. Tsopano mvera. Kulakwa walakwa, ndipo zimene zatayika sizibwerera. Koma wojambula salira woimba ali m'chipinda. Ukalira iwe, iye agwira chiyani? Munthu akaima pa maiki amakhala ngati wavula. Amayang'ana nkhope yako kuti adziwe ngati ali bwino. Ukakwinya nkhope, mawu ake amathawa. Ukanama kuti zili bwino pamene sizili bwino, wamubera mphamvu zake. Choncho nkhope ikhale yodekha, ndipo pakamwa pazinena zoona. Zikalakwika imitsa pomwepo. Usadikire kuti nyimbo ithe chifukwa choopa manyazi. Manyazi ako ndi aang'ono kuposa khosi la bambo ako."

"Ndamva, azakhali."

"Ndikupita kwa wowotcherera uja ndikamupemphe apume pang'ono. Akakana ndikhala pa geti lake lomwelo mpaka alephere kulidula."

5. Pafupi ndi Pakamwa

Makutu anatsitsa ndodo kuti bambo aimbe atakhala pansi. Anasendeza mpando mpaka milomo yawo inatsala pang'ono kukhudza sokosi ija. Maiki anaipendeketsa pang'ono kuti iloze pakona pa kamwa, mpweya uzidutsa m'mbali.

"Musakweze mawu, bambo. Iyi imafuna munthu woyandikira. Imbani ngati mwana ali pachifuwa panu. Mukafuna kukoka mpweya, tembenuzani mutu pang'ono kumbali. Tizijambula mizere iwiri, n'kupuma."

"Wamva, telala? Lero ukuyezedwa ndiwe," bambo anadzinena okha monong'ona.

Kunja makina aja anazima. Azakhali analowa n'kutseka chitseko.

Makutu anakweza mphamvu pang'onopang'ono, akumvetsera. Atamva kaphokoso ka sii kakuyamba, anabweza pang'ono. Anadina batani lofiira n'kugwedeza mutu.

Bambo anaimba motsitsa. M'chipindamo ankamveka movutikira, koma m'mahedifoni anali pafupi ngati akulankhula m'khutu. Wailesi ya wometa inasowa. Kamluzu kaja kanatsala kutali, kosaopsa. Kunatsala mawu okhaokha, okhuthala, otopa, koma ofunda.

Atatha mizere iwiri Makutu anaimitsa. "Imeneyo yalowa bwino. Imwani madzi."

Pa mzere wachitatu mawu anagwedera. Makutu anakweza dzanja nthawi yomweyo. "Pamenepo tibwereze. Kuyambira pa 'ukadzagwa' basi."

Anayenda choncho, pang'onopang'ono, mpaka vesi yachiwiri inatha. Azakhali anakhala pakona atagwira botolo la madzi pamiyendo.

Inatsala vesi yomaliza. Bambo anakoka mpweya n'kuyamba kukwera. Mawu anakana. Anayesanso, ndipo panangotuluka mpweya. Anamwa madzi, anadikira, anayesa kachitatu. Khosi linatupa mitsempha, koma sipanatuluke kanthu koposa kunong'ona.

Anapukusa mutu. Vesi imeneyo anali ataiimba kale bwino lomwe, ndipo onse atatu ankadziwa kumene inathera.

Makutu anaphimba nkhope ndi manja. Bambo anagogoda pa mpando kuti awayang'ane. Anamukodola ndi chala, kenako analoza maiki.

"Ine?"

Bambo anagwedeza mutu.

"Bambo, ine sindiimba. Ine ndimangomvetsera."

"Ndiye wamvetsera mokwanira," anatero azakhali. Anadzuka n'kukhala pa kompyuta. "Pita. Batani limodzi lokha sindingalakwitse."

Makutu anagwada pambali pa mpando wa bambo. Maikiyo inali imodzi, ndipo inkafuna woyandikira, choncho tsaya lake linakhudza tsaya la bambo. Ndevu zawo zinkamubaya. Jekete linkanunkhira mafuta a makina osokera.

Gitala inafika pamalo pake. Makutu anaimba. Mawu ake anali aang'ono ndi onjenjemera. Pansi pake bambo ankanong'ona mawu omwewo, ndipo maikiyo inatola onse awiri.

Atamaliza, azakhali analiza nyimboyo kuyambira poyamba. Bambo anamvetsera atatseka maso, dzanja lili pamutu pa Makutu. Itatha anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma anangomwetulira n'kukweza chala chachikulu.

"Si yosalala ngati za pa wailesi," anatero azakhali akupukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Koma mwana adzadziwa kuti bambo ake ndi ati, ndi kuti mchemwali wake analipo."

Anaisunga mu kompyuta, anaikoperanso pa kafulashi n'kukaika m'thumba la jekete la bambo.

6. Alendo Pakhomo

Azakhali anatsegula chitseko kuti mulowe mphepo, kenako anabweza foni ya Makutu. Dzuwa linali litapendeka. Bambo ankayenera kunyamuka kuti akafike kuchipatala nthawi yabwino.

Makutu anayatsa foni. Inayamba kunjenjemera osaleka. Dona anali ataimba kambirimbiri. Asanaganize chochita, inaliranso. Anatuluka panja n'kuyankha.

Dona ankalankhula monong'ona, akulira. "Unali kuti iwe? Adadi abwera lero lomwe, ulendo unalephereka. Apeza kabokosi palibe. Anayamba ndi alonda, anawatsekera mu ofesi kuti aitane apolisi. Ine ndinachita mantha."

"Ndiye wawauza kuti unandibwereka?"

Dona anangopitiriza kulira.

"Dona, wawauza chiyani?"

"Ndanena kuti unabwera ku situdiyo kwathu dzulo, ndipo mwina unatenga ine ndili kubafa. Pepa. Adadi sukuwadziwa iwe. Chonde usanene kuti ndinakupatsa ndine. Andithamangitsa pakhomo."

Foni inaduka.

Makutu anaima pomwepo. Wowotcherera anali atayambanso ntchito yake. Kenako anaona galimoto yotuwa ikukhota pa malo ometera, ikuyenda pang'onopang'ono m'kanjira kopapatiza. Inaima kutsogolo kwa situdiyo.

Munatsika bambo wamtali wovala magalasi. Mbali inayo munatsika wapolisi. Kumpando wakumbuyo kunali Dona, atazyolika.

Wometa anatuluka ndi makina m'manja. Kasitomala wake anamutsatira, mutu utametedwa mbali imodzi. Wowotcherera anazimitsa makina n'kukweza chigoba cha kumaso.

Azakhali anatuluka, bambo ali pambuyo pawo ndi gitala kumsana.

"Mwini malo ano ndi ndani?" anafunsa bambo wamagalasi.

"Ndine. Tikuthandizeni?"

"Ndikufuna maiki yanga. Mwana wanga akuti yabedwa ndi mtsikana wa pano."

"Yabedwa?" Azakhali anatembenuka. "Makutu, si unati anakubwereka eni ake?"

Makutu anacheukira m'chipinda. Kudzera pa chitseko chotsegula, kabokosi kakuda kankaoneka pa tebulo. Wapolisi anali atakaona kale.

"Mtsikana, tiye ukafotokoze ku ofesi," anatero wapolisiyo.

Bambo anatsitsa gitala n'kuitsamiritsa kukhoma. Anakonza kolala ya jekete lawo. Anayenda n'kukaima pakati pa mwana wawo ndi wapolisi. Anakweza dzanja monga ankachitira pofuna kuti bandi itsike, ndipo anatsegula pakamwa.

Milomo inayenda. Khosi linagwedezeka. Sipanatuluke kanthu.

Anayesanso, akumenya pachifuwa ndi chikhatho, akuloza Makutu, akupukusa mutu mwamphamvu. Aliyense anaona chimene ankafuna kunena, koma palibe anachimva.

"Akuti chiyani bambowa?" anafunsa wamagalasi.

Bambo anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo. M'maso mwawo munalibe mkwiyo. Ankangodikira.

Makutu anayang'ana m'galimoto. Dona anali atadzutsa mutu, manja atawaphatikiza pachifuwa, akupempha kudzera pa galasi. Anayang'ana azakhali, amene nkhope yawo inali itagwa. Kenako anagwira mkono wa jekete loyera n'kuwasunthira bambo ake pambali pang'ono.

"Bambo anga sangathe kulankhula," anatero. "Ndilankhula ndine. Koma ndisanayambe, muuzeni Dona atsike m'galimotomo."